A Mlongoti ndi Galasi Loonera Mwezi

A Mlongoti ankayenda maso ali kumwamba. Sindikunena za kudzikuza, ayi, ndikunena kumwamba kwenikweni kumene kuli mitambo. Mumsewu wathu mulibe dzenje limene sanagweremo, ndipo mulibe mtengo wa magetsi umene sanaupepese ataugunda ndi chipumi. Ukawapatsa moni ankayankha bwinobwino, mwaulemu, koma yankholo linkadutsa pamwamba pa mutu wako. Dzinalo tinawapatsa chifukwa anali aatali ndi owonda, komanso chifukwa denga la nyumba yawo linali ndi milongoti ya wailesi yambirimbiri moti mbalame zinkachita kusankha potera.

Ntchito yawo inali yokonza mawailesi, makanema ndi mafoni m'chipinda cha kumsewu. Pakhonde la chipindacho pankakhala akazi awo ndi makina osokera. Mayiwa tinkawatcha a Singano, poti anali aafupi, akuthwa, ndipo akakulasa ndi mawu unkamva kuwawa mpaka mawa lake. Nkhani ya a Mlongoti imamveka bwino ukakhala pampando wa a Singano, chifukwa zodabwitsa zonse za bamboyo zinkayamba zagwera iwo zisanafike kwa ife.

"M'nyumba muno pafunika munthu mmodzi woyang'ana pansi," ankatero a Singano, ulusi uli kukamwa. "Tonse tikamayang'ana kumwamba, adzatitola ndani?"

A Mlongoti sankatsutsa. Ankati anthu opita m'mlengalenga amasiya anzawo pansi, m'chipinda chodzaza makina, oti aziwauza kuti khotani apa, idyani tsopano, batani ilo musalikhudze. Chipindacho amati likulu. Ndiye akazi awo ankawaitana kuti Likulu.

"Likulu, Likulu, mukundimva?" ankafuula ali padenga.

"Ndikukumvani. Tsikani, tiyi wazizira."

"Likulu, ndagwira mawu a chombo chimene chikudutsa pamwamba pathu!"

"Mwagwira waya wa aneba. Tsikani."

Koma a Singano akawaitana kuti adzasese m'chipinda kapena adzanyamule ndowa, kunkakhala zii. Kuitana kachiwiri, zii. Kachitatu m'pamene mutu unkasuzumira pakhomo.

"Bwanji simuyankha, abambo?"

"Ndinayankha kalekale, Likulu. Mawu ochokera kutali amachedwa kufika. Ngakhale a ku mwezi amatero."

"Mwezi wake uti? Muli kuseri kwa chitseko!"

Chida chilichonse kwa iwo chinali chamoyo. Ankati wailesi siifa, imangokomoka. Ukabweretsa foni yosweka, ankayamba aipepesa foniyo, kenako n'kutembenukira kwa iwe.

"Mwana wanga, kanthu aka kali ndi nzeru kuposa makina onse amene anatengera anthu ku mwezi. Iwe umachita nako chiyani?"

"Ndimaimbira abale, abambo."

"Kuwauza chiyani?"

"Kuwafunsa ngati adzuka bwino."

Apo ankagwira mutu ndi manja onse awiri. "Taonani, anthuni. Munthu wapatsidwa ndege, iye akupitira nayo kokagula machesi."

Vuto linali lakuti ankawakonda akazi awo, ndipo chikondi chawo chinkabwera ndi mawaya. Anawapangira chingwe choyanikira zovala chodzilowetsa chokha m'nyumba dontho la mvula likangogwa. Chinagwira ntchito, sitinganame. Kungoti chingwecho sichinkasiyanitsa mvula ndi zimene mbalame zimagwetsa, ndipo tsiku lina chinakoka zovala zonse pamodzi ndi a Singano omwe, ali chigwirire chingwecho. Atachira bondo, amuna awo anawapepesa ndi mphatso ina: anachotsa mota ya makina ochapira zovala n'kuimangirira ku makina osokera, ati miyendo ya Likulu ipume. Makinawo anasoka miyendo yonse iwiri ya buluku la munthu kukhala umodzi, anapitiriza ndi nsalu ya patebulo, n'kumalizira mkono wa malaya a a Mlongoti, mwiniwake ali momwemo. Tsiku lomwelo a Singano anatenga choko cholembera nsalu n'kujambula mzere pakhomo la chipindacho.

"Chilichonse cha waya chisadutse apa kubwera kuno. Inenso sindidzadutsa apa kupita uko."

Ndipo mzerewo ankaubwereza ukayamba kufufutika.

Tsidya la msewu kunali wometa tsitsi, mnzawo wa kuyambira unyamata, munthu amene sankakhulupirira ngakhale pang'ono kuti phazi la munthu linapondapo pa mwezi. Mkangano wawo unali wakale kuposa ana athu. Ukakhala pampando wometera a Mlongoti n'kulowa, unkadziwa kuti utuluka mbali imodzi ya mutu isanametedwe. M'shopumo munali kanema, ndipo masana wometayo ankaika mafilimu a nkhondo za m'mlengalenga. A Mlongoti ankawakonda mafilimuwo mpaka kulira, komanso ankakwiya nawo mpaka kuimirira. Chombo chikaphulika ndi chiphokoso, iwo ankathamangira kukatsitsa mawu.

"Kumwamba kulibe phokoso! Kulibe mpweya, phokoso liyenda pa chiyani?"

"Achimwene, bwezerani mawu, anthu akuonera."

"Akuonera bodza. Ndikuwathandiza."

Chimene chinkawapweteka kwambiri chinali chakuti m'mafilimumo alendo a ku nyenyezi nthawi zonse amabwera ndi nkhondo. "Munthu angayende ulendo wonsewo kuti adzaphwanye nyumba za eni?" ankafunsa. "Akadzafika adzakhala otopa. Adzapempha madzi akumwa ndi pokhala, basi." Ndipo sankanena zocheza. M'chipinda chawo munali mpando umodzi wabwino umene sankalola aliyense kukhalapo, ngakhale abusa. Unali wa alendo.

Aphunzitsi aakulu a pasukulu ya kumapeto kwa msewu anawaitanapo kamodzi kuti akayankhule ndi ana. Kamodzi kokha. A Mlongoti anaima kutsogolo n'kunena kuti mwana amene sanamasulepo wailesi ya bambo ake n'kulephera kuibwezera, ameneyo sukulu sanaiyambe. Anati mafunso a mayeso amafunsidwa ndi anthu odziwa kale mayankho, pomwe funso lenileni ndi limene mphunzitsi yemwe akanda nalo mutu. Kenako anatulutsa ana onse pabwalo, anathira madzi m'botolo la pulasitiki, n'kuyamba kulipopa ndi pampu ya njinga. Botololo linali roketi yawo, ndipo inanyamuka bwino kwambiri. Inakwera, inakhota, inalowa pawindo la ofesi n'kukatera m'kapu ya aphunzitsi aakulu. Ana anakuwa ngati timu yawo yagoletsa. Sabata imeneyo mawailesi a mumsewu monse anafika kwa a Mlongoti ali m'mabeseni, zidutswazidutswa, ndipo a Singano ndi amene anaima pakhonde kulandira makolo okwiya.

Nkhani ya galasi inayambira m'shopu ya wometa yomweyo. A Mlongoti ankafotokoza kuti pa mwezi pali mapiri ndi zigwa, wometayo n'kuika lumo pansi.

"Achimwene, mwezi ndimauona ndi maso angawa. Ndi wosalala ngati mbale. Mapiriwo mundionetse, osati pa chithunzi, zithunzi amajambula ndi anthu."

"Ndidzakuonetsani."

"Ndi chiyani?"

"Ndi galasi lopanga ndekha. Logula mudzati alowetsamo chithunzi."

Anakapeza magalasi awiri okhuthala, ozungulira, aakulu ngati mbale yodyera, kwa wogula zitsulo zakale. Limodzi analikhazika pamwamba pa mgolo pakati pa chipinda, anathirapo ufa wakuda wonolera ndi madzi, linalo n'kuliika pamwamba pake. Ndiye kukhutiza: patsogolo, pambuyo, kusuntha phazi, patsogolo, pambuyo, kusunthanso, kuzungulira mgolowo. Ankati pang'onopang'ono galasi lapamwamba limalowa m'kati ngati kambale, ndipo likalowa moyenera limasonkhanitsa kuwala kwa mwezi pamalo amodzi. Ife tinkangomva kwee, kwee, kwee kuyambira m'mawa, nthawi iliyonse imene panalibe wailesi yokomoka. Zinatenga zaka. Simenti ya pansi inadyeka, panaoneka kanjira kozungulira mgolo.

"Mukupita kuti, abambo?" ankafunsa a Singano ali kuseri kwa mzere wawo.

"Ku mwezi, Likulu. Ulendo wapansi."

"Mukafika mundigulireko ulusi woyera."

Tsiku lina a Mlongoti anatuluka pakhonde n'kuvulira chipewa diresi la ukwati limene linapachikidwa pamsomali. "Mwaswera bwanji, mayi?" anatero, n'kudikira yankho. Ife tinaseka mpaka kugwira m'mimba, poti munthuyo anali atapepesa kale mitengo yonse ya magetsi, diresi linali kukwera udindo chabe. A Singano okha sanaseke. Iwo anali ataona zina. Anaona kuti amuna awo ayamba kufufuza kachitsulo kowotcherera ndi dzanja, mpaka kupsa chala. Anaona kuti akufunsa eni mawailesi mitundu ya timizere ta pa tizigawo ting'onoting'ono, n'kumanamizira kuti akuwayesa nzeru. Anaona tiyi akuthiridwa pambali pa kapu. Munthu amene wakhala akugunda zinthu moyo wake wonse, akayamba kusaona, msewu wonse sudziwa.

Mwana wawo wamkazi, amene ndi namwino, anawatengera kuchipatala pamodzi ndi amayi ake. Adokotala anawaika chibwano pa makina oonera m'kati mwa diso, ndipo a Mlongoti anayamba kufunsa kuti makinawo ali ndi magalasi angati, amatsegulidwa ndi sikulu yotani, ndiponso ngati pali ena akale otayidwa. Adokotala anachita kuwapempha kuti akhale chete. Kenako ananena. Matenda a shuga anali atadya m'kati mwa maso onse awiri. Mankhwala angachedwetse, koma kuwala kukupita, ndipo sikubwerera.

Pobwerera a Mlongoti anayenda dzanja lili paphewa la akazi awo. Atayandikira nyumba anati, "Likulu, anthu musawauze. Ndimalize galasi. Ndingouona kamodzi, basi."

A Singano anamva mantha amene sanawamvepo ngakhale tsiku lokokedwa ndi chingwe lija. Kuyambira pamenepo mawailesi ankawabweza okha pakhonde. "Abambo atanganidwa, pitani kwina." Phokoso la kwee linatha, chifukwa tsopano inali nthawi yosalaza ndi ufa wofiira pa phula lakuda, ntchito yachete, yofuna mtima. Galasilo linayamba kung'anima. A Mlongoti anati kwatsala pang'ono kwambiri.

M'mawa wina namwino anabwera kudzawatenga kuti akalandire mankhwala, ndipo anawanyamula ntchito ili pakati. A Singano anasuzumira m'chipinda. Galasi lija linali pamgolo, lopakika matope ofiira amene anali ataumirapo. Mtima unawawawa. Munthu wosaona bwino adzatsuka bwanji zimenezi? Kwa nthawi yoyamba anadumpha mzere wa choko uja. Anatenga galasilo mosamala ngati khanda, anapita nalo kuseri, ndipo analitsuka momwe mayi waukhondo amatsukira chinthu chimene chaumirira: ndi waya wotsukira mapoto, ndi kamchenga pang'ono. Anakwecha ndi mtima wonse. Analipukuta, analibwezera pamgolo, n'kulifunditsa kansalu koyera kopeta maluwa.

A Mlongoti atabwera anachotsa kansaluko n'kuyendetsa nsonga za zala pagalasipo. Anayendetsanso. Zala zinaima.

"Ndani wakhudza apa?"

"Ndakutsukirani, abambo. Linali lakuda."

Sanakuwe. Bola akanakuwa, a Singano akanadziwa choyankha. Anangoti, "Mwatsuka bwino, Likulu," kenako anakhala pansi pasimenti, pakanjira kawo komwe, n'kuweramitsa mutu. Namwino ndi amene anawakokera amayi ake pambali n'kuwafotokozera kuti pagalasipo tsopano pali mikwingwirima yosawerengeka, kuti pafunika kubwerera ku ufa wakuda, ntchito ya miyezi yambiri. Ndipo maso a ababa ake analibe miyezi imeneyo.

Masiku otsatira tinaona chinthu chimene sitinachionepo: a Mlongoti akuyenda akuyang'ana pansi. Sanagunde kanthu. Sanatsitse mawu a kanema. Wometa anayesa kuwaputa, anati mwezi ndi nyale chabe imene wina amaizimitsa m'mawa, koma iwo anangoti, "Mwina." Wometayo anawoloka msewu lumo lili m'manja.

"Alamu, achimwene atani?"

A Singano anamuuza zonse, za maso ndi za waya wa mapoto. Anali asanalirepo pamaso pa munthu wa mumsewu uno, koma tsiku limenelo analira.

M'mawa mwake a Mlongoti ali chigonere anamva kwee, kwee, kwee. Anadzuka, anapapasa khoma mpaka pakhomo la chipinda. A Singano anali ataimirira pabokosi la matabwa chifukwa mgolo unali wautali, manja onse ali pagalasi, akukhutiza ngati akuchapa bulangete.

"Mayi, mukuononga!"

"Ndinaononga kale. Bwerani mundiuze."

"Musakanikize choncho! Galasi silifuna mphamvu. Patsogolo, pambuyo. Tsopano sunthani phazi."

"Ndisunthe bwanji ndili pabokosi?"

Anachita kudula mgolowo kuti ufupike. Ndiye anayamba kuzungulira awiri, wamtali kumbuyo, wamfupi kutsogolo, manja anayi pa galasi limodzi, akukangana ulendo wonse. Makina osokera anafunditsidwa nsalu. Akwatibwi ankabwera kudzafunsa madiresi awo n'kuuzidwa kuti ukwati suthawa, adikire. Mzere wa choko unafufutika ndi mapazi a mwiniwake, ndipo palibe amene anaubwereza.

Itafika nthawi yoyesa galasilo, panafunika diso. Ankatseka mawindo, n'kuyatsa kanyale kakang'ono patali, ndipo woyesayo ankayang'ana galasi kudzera m'mphepete mwa lezala, kuti mithunzi ionetse pamene pakwera ndi pamene patsika. Lezalalo anabweretsa ndi wometa, akunena kuti zonsezi n'zachabechabe koma latsopano ndi ili. A Mlongoti anayesa, osaona kanthu. Ndiye panakhala a Singano, mayi amene amaona msoko wokhota pa malaya a munthu ali tsidya la msewu.

"Pakati pali chotupa."

"Chachikulu?"

"Ngati batani la malaya. Ndipo m'mphepete mwapindika ngati mpendero wa mwana wongophunzira kumene."

"Eya! Tibwerere pamgolo. Tikhutize mofupikitsa."

Anabwerera pamgolo kambirimbiri, mpaka tsiku limene a Singano anayang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Lasitidwa. Palibe khwinya." Koma pofika tsikulo a Mlongoti ankangodziwa kumene kuli khomo chifukwa cha kuwala, nkhope ya munthu sankaiona.

Anamanga chipangizocho ndi manja okha, mopapasa: chipaipi chachikulu cha madzi, galasi lija pansi pake, kagalasi kena kopingasa pamwamba, ndi kena koikapo diso kochokera ku kamera yakufa. Choimikira chake a Singano anapereka okha miyendo yachitsulo ya makina awo akale. Madzulo ena dzuwa likulowa, mwezi uli theka pamwamba pa denga la wometa, anachitulutsa pamsewu. Anthu tinadzaza. Aphunzitsi aakulu anabwera, ataonetsetsa kuti palibe pampu ya njinga. Namwino analozetsa chipaipicho kumwezi, kenako anagwira dzanja la ababa ake n'kuwafikitsa pokaika diso.

Anawerama. Anakhala nthawi yaitali. Anasintha diso, anapukuta, anabwerera ku loyamba.

"Mukuona chiyani, achimwene?" anafunsa wometa motsitsa mawu.

"Ndikuona kuti kukuwala," anatero a Mlongoti. Anaweramuka, anaseka pang'ono. "Kukuwala ndithu."

Palibe amene anadziwa koyang'ana. A Singano anaima chilili, manja ali pakamwa, ndipo m'mutu mwawo munali waya wa mapoto yekhayekha. Koma amuna awo anaitana namwino.

"Mwana wanga, kanditengere mpando wa alendo uja." Atakhalapo, anakonza malaya, n'kutembenuzira nkhope kumene kunali akazi awo. "Mayi, kwerani pabokosi. Lero tisinthana. Likulu ndine, inu mupite."

"Abambo, ine sindinayang'anepo zimenezi."

"Ngakhale oyamba kufika ku mwezi aja anali asanayang'anepo. Kwerani."

A Singano anakwera. Anatseka diso limodzi monga amachitira polowetsa ulusi, n'kuika linalo. Mayi amene sanasowepo mawu chikwatiwire anangoti kukamwa yasaa.

"Likulu likumvetsera. Mukundimva?"

Zii.

"Mayi, nenani. Mawu achedwa."

"Abambo," anatero a Singano, "kuli mapiri."

"Pitirizani."

"Mapiri enieni! Ndi maenje, ambirimbiri, ngati nsalu imene njenjete zaidya chaka chonse. Ena ali m'kati mwa anzawo. Lina lalikulu lili ndi kaphiri pakati pake penipeni. Mayo ine, kaphiriko kali ndi mthunzi!"

"Mthunziwo wagwera mbali iti?"

"Kumene kuli mdima. Ndi wautali, wosongoka. Ndipo dikirani, m'kati mwa mdimamo muli timadontho towala, patokhapatokha. Kapena galasi lathu lili ndi vuto?"

A Mlongoti anagwira m'mphepete mwa mpando. "Lilibe vuto. Ndi nsonga za mapiri zimenezo. Dzuwa lafika pamwamba, m'munsi mukadali mdima. Kumeneko kukucha, mayi. Kuno kukuda, kumeneko kukucha."

Misozi inkatsika, koma nkhope yawo inali itabwerera kumwamba kumene tinaizolowera. Ankafunsa, a Singano n'kumayankha: dzenje ilo likufanana ndi chiyani, chigwa icho chalowera kuti, pali mzere wowongoka kapena ayi. Ankagwedeza mutu ngati akumva za kwawo. Mwadzidzidzi a Singano anakuwa.

"Ukuthawa! Abambo, mwezi ukuthawa, ukutuluka m'galasi!"

"Sukuthawa. Ndife tikutembenuka. Dziko likuyenda, mayi, ndipo inu mwaliona likuyenda."

A Singano anagwira chipaipi ndi manja onse awiri. "Ndigwireni, anthuni!" Enafe tinaseka, koma kunena zoona, ambiri tinapondetsa mapazi pansi.

Kuwatsitsa pabokosipo inali nkhondo. Mzere wa anthu unafika pasukulu, iwo ali pompo. "Dikirani, ndikuuza abambo." Potsiriza wometa anafika. Anaika diso, anakhala, anakhalabe. Ataweramuka anatsokomola.

"Mbendera imene amati anaizika kumeneko sindinaione."

"Koma mapiri?" anafunsa a Mlongoti.

"Ndati mbendera sindinaione," anatero wometayo. Anavula chipewa chake, n'kupita kumbuyo kwa mzere kukaimanso.

Kuyambira tsiku limenelo, mwezi ukakhala theka madzulo, awiriwo ankatulutsa chipaipi ndi mpando. A Singano anaphunzira kuutsatira mwezi okha, anawapatsa maenjewo mayina awoawo a kutelala, lina Batani, lina Thumba, lina Chigamba, ndipo amuna awo anasiya mayina a m'mabuku n'kutengera amenewo. Munthu ukadutsa unkamva, "Lero Thumba ladzaza mdima," wina n'kuyankha kuti, "Nanga Batani?"

A Mlongoti sanakhale nafe nthawi yaitali pambuyo pake. Shuga yemweyo anawagoneka, ndipo m'mawa wina wa nyengo yozizira anapita mwakachetechete, zimene sizinali khalidwe lawo. Namwino akuti dzulo lake ankafunsabe ngati makina a m'chipatala opima mtima angatsegulidwe kumbuyo.

Wogula zitsulo zakale anabwera n'kutsitsa milongoti yonse padenga, ndipo nyumbayo inaoneka ngati munthu wometedwa mpala. Mbalame zinasamuka. M'shopu ya wometa zombo zimaphulika ndi chiphokoso chonse, palibe wotsitsa mawu, koma wometayo akafika pamenepo amatsitsa yekha, n'kunena kuti mutu ukumupweteka. Anthu tsopano timayenda maso ali pansi, m'mafoni, ndipo ndife amene tikugunda mitengo ya magetsi. Kungoti palibe amene amaipepesa. Timawasowa bamboyo, ndipo zimenezi tikuvomereza ife tonse amene tinkawaseka.

A Singano anabwerera ku makina awo. Mgolo anakana kuugulitsa, ndipo pamene namwino anafuna kuthira simenti yatsopano m'chipindamo, anamuuza kuti kanjira kozungulira kaja asakakhudze. Mwezi ukakhala theka, dzuwa likulowa, amafunditsa makina, amakoka chipaipi mpaka pamsewu, kenako amabwerera kukatenga mpando wa alendo n'kuuika pambali pake. Aliyense amaloledwa kuyang'ana, koma woyamba ndi iwo. Amakwera pabokosi, amatseka diso limodzi.

"Likulu, mukundimva? Kukucha pa Batani. Mthunzi ndi wautali lero."

Akatero amakhala chete, diso lili pomwepo, khutu atalitembenuzira kumpando. Tsiku lina wometa, ataima pambuyo pawo chipewa chili m'manja, anawafunsa mofatsa kuti, "Alamu, mukudikira chiyani?"

"Khalani chete, alamu," anatero a Singano osacheuka. "Mawu ochokera kutali amachedwa kufika."